Les Quatre Cents Coups (1959): Antoine anali mwana wovuta, kapena akulu ndiwo anamutaya?

Nachisale:
Abale anga, amene mwamaliza kuonera Les Quatre Cents Coups bwerani tikambirane, chifukwa ine nkhani ya taipilaita ija ikundisowetsa mtendere. Mwana waba taipilaita ku ofesi kumene amagwira ntchito bambo ake omupeza. Wayesa kuigulitsa, zakanika, ndiye waganiza zokaibweza usiku. Mlonda sakumugwira pakuba ayi, akumugwira pobweza. Ndipo amene akumutengera kupolisi si mlondayo, ndi bambo amene amagona naye nyumba imodzi.

Kwa amene simunaionere: ndi filimu ya ku France ya 1959, yopanda mitundu, yoyamba yaitali imene François Truffaut anapanga, ali ndi zaka 27 zokha. Mnyamatayo dzina lake ndi Antoine Doinel, ndipo amene akusewera mbali imeneyi ndi Jean-Pierre Léaud. Ine maganizo anga ndi akuti Antoine sanali mwana woipa. Anali mwana amene aliyense, kunyumba ndi kusukulu komwe, ankangosaka pomutula. Amene mukuona mosiyana lankhulani.

Aphunzitsi Opuma:
Mayi Nachisale, ine ndikuona mosiyana, ndipo ndilankhula ngati munthu amene anagwirapo choko. Tisathamangire kumvera chisoni mwana tisanawerenge zimene anachita. Wajomba kusukulu tsiku lonse, wakaonera kanema, wakasewera pa makina ozungulira aja. M'mawa mwake mphunzitsi akumufunsa chimene anajombera, iye nkuyankha kuti mayi ake amwalira. Bodza la maliro! Mphunzitsiyo mpaka anafewa, nkumulankhula mwachifundo. Kenako mayi "omwalirawo" akutulukira pakhomo pa kalasi. Inu mukanakhala mphunzitsi ameneyo, tsiku lina mwanayo akanena zoona mukanamukhulupirira?

Kunyumba amatenga ndalama zobisidwa. Mumsewu waba botolo la mkaka. Pomaliza taipilaita. Bambo aja, a Julien Doinel, anamupatsa dzina lawo mwana woti sanabereke iwo, amamudyetsa, amacheza naye nkhani zamipikisano ya magalimoto, amaphika naye mazira mayi akachedwa kubwera. Munthu amatopa. Sindikuti kupita naye kupolisi chinali chanzeru, koma musawasandutse chilombo.

Mphunzitsi uja, amene ana amamutchula Petite Feuille, Guy Decomble wamusewera bwino zedi. Anyamata odzaza kalasi, akangotembenukira ku bolodi ayamba miluzi ndi kupatsirana chithunzi cha mkazi wosavala bwino. Ukali wakewo ndi wa munthu amene akuopa kuti kalasi imupulumuka m'manja.

Mayi a Tadala:
Aphunzitsi, ndakumvani, koma tayang'ananinso pamene mwanayo amagona. Alibe chipinda. Kabedi kake kali pakhonde la m'kati pafupi ndi chitseko, moti mayi ake akabwera usiku amachita kumudumpha. Amagona m'thumba logonamo lija, ndipo zokangana zonse za makolo amazimva, ngakhale pamene akukambirana zoti akamusiye kwina. Ntchito yake madzulo ndi kutsika masitepe kukataya zinyalala.

Ndiye bodza la malirolo linachokera kuti? Dzulo lake, ali kojomba kuja, anaona mayi ake akupsompsonana ndi mwamuna wina pamsewu. Maso awo anakumana. Mwana wasenza chinsinsi chotere usiku wonse, sangauze bambo, sangauze mphunzitsi. M'mawa afunsidwa mwadzidzidzi, ndipo mawu amene akutuluka ndi akuti mayi afa. Ine sindikuti n'zabwino, koma bodza limenelo silinangogwa kumwamba.

Chimene chinandiliza ine ndi pamene akufotokozera katswiri wa zamaganizo uja kuti analeredwa ndi mlezi, kenako agogo ake, ndipo anadzamva, mayi ake akukangana ndi agogowo, kuti mayiwo sankafuna kumubereka, agogowo ndiwo anakaniza kuchotsa mimba. Ine ndinakulira kwa agogo, ndinapita kwa mayi anga ndili wamkulu kale, ndi mwamuna wawo watsopano m'nyumba. Palibe anandimenya. Koma umadziwa wekha kuti mbale yako ndi yowonjezera, ndipo umaphunzira kuyenda mosaponda mwamphamvu. Antoine akamayala tebulo mwakachetechete muja, ine ndimamudziwa.

Wa ku Marseille:
Pa nkhani ya nyumbayo ndiwonjezereko. Kupanikizana kuja si kwa banja la Doinel lokha. Nkhondo yachiwiri itatha, ku France kunali vuto lalikulu la nyumba, ndipo mu February 1954 wansembe Abbé Pierre analankhula pawailesi kupempha thandizo chifukwa anthu ankafa ndi chisanu m'misewu ya Paris. Chuma chinkakwera ndithu, anthu ankalota zogula galimoto monga mukuonera bambo aja, koma tinyumba tinali tija ta masitepe amdima.

Chinanso, nthawi imeneyo lamulo linkakakamiza mwana kukhala pasukulu mpaka zaka 14 basi. Lamulo lokweza kufika zaka 16 linasainidwa mu January 1959, koma linadzayamba kugwira ntchito mu 1967. Ndiye Antoine akamanena zofuna kusiya sukulu kuti azidziyimira payekha, sakulota. Anyamata amsinkhu wake ambiri ankapita kukaphunzira ntchito zamanja.

Kondwani wa Kamera:
Akuluakulu, musaiwale kuti nkhaniyi mbali yaikulu ndi moyo wa Truffaut mwini. Anabadwa mu 1932 kwa mayi wosakwatiwa, dzina la Truffaut analitenga kwa bambo omupeza, Roland Truffaut, ndipo zaka zoyamba anakhala kwa agogo ake aakazi. Mnzake wapamtima, Robert Lachenay, ndiye wasanduka René, mnzake wa Antoine, m'filimumu, ndipo Lachenay yemweyo anagwira nawo ntchito popanga filimuyi. Mu 1948 Truffaut anayambitsa kagulu koonetsa makanema, nkulowa m'ngongole, ndipo bambo omupezawo anamupereka kupolisi. Anakatsekeredwa kumalo osungirako ana olakwa ku Villejuif.

Kusiyana kwake ndi Antoine n'kwakuti iye anapeza munthu. André Bazin, wolemba za makanema amene anayambitsa nawo magazini ya Cahiers du cinéma mu 1951, anamutenga ngati mwana wake. Ngakhale pamene Truffaut anathawa usilikali nkumangidwa, Bazin ndiye anamuthamangira, nkumusunga kunyumba kwake. Bazin anamwalira pa 11 November 1958, kujambula kutangoyamba kumene, n'chifukwa chake koyambirira mukuona dzina lake, filimuyi anaipereka kwa iye.

Ndipo Truffaut anali wolusa polemba. Mu 1954 analemba nkhani yodzudzula makanema a akuluakulu a nthawiyo kuti ndi opukutidwa koma opanda moyo. Anadzudzula chikondwerero cha makanema cha Cannes mpaka mu 1958 anamukaniza kulowako. Chaka chotsatira anabwerera komweko ndi filimu iyi nkulandira mphoto ya wotsogolera filimu wopambana. Ndalama zoijambulira zinachokera kwa apongozi ake, Ignace Morgenstern, amene ankachita bizinesi yogawa makanema.

Aphunzitsi Opuma:
Zikomo achimwene Kondwani, mwandithandiza. Ndiye kuti mlanduwu tikuumva mbali imodzi. Amene akutifotokozera ndi mwana yemweyo atakula, kamera ili m'manja mwake. Makolo ake akanapatsidwa kamera bwenzi tikuona zina. Bwalo lililonse lolongosoka limamva mbali zonse ziwiri.

Nachisale:
Zoona aphunzitsi, ndi mbali imodzi. Koma munthu wobwezera sakanajambula usiku uja wa kukanema. Kumbukirani: kandulo yayatsa nsalu, nyumba ikanapsa, bambo akalipa. Mayi nkunena kuti tiyeni tonse tikaonere filimu. Pobwerera ali m'galimoto akuseka atatu onse, Antoine kumbuyo akuseka mpaka mano onse pamtunda, pokwera masitepe bambo akuseleula ndi mkazi wawo. Truffaut akutionetsa kuti banjali likanatheka. N'chifukwa chake zotsatirazo zimapweteka kwambiri.

Albert Rémy sanawasewere bambowo ngati munthu wankhanza. Ndi munthu wanthabwala, wofooka, amene akudziwa kapena akuganizira kuti mkazi wake akuyenda njira, koma mkwiyo wake ukutsikira pa buku lake la mapu la Michelin limene lasowa, ndi pa mwana. Mbama ija anamuwomba pamaso pa anzake onse m'kalasi. Kupolisi kuja akulankhula modekha ndi mkulu wa apolisi ngati akukambirana za katundu, nkusaina, nkutsika masitepe osacheuka. Usiku womwewo mwana wazaka zimenezo akugona m'chitokosi pamodzi ndi akuluakulu, kenako akukwezedwa m'galimoto ya apolisi limodzi ndi akazi oyendayenda. Akuyang'ana magetsi a Paris kudzera m'zitsulo, misozi ikutsika. Filimu yonse sanalire, ngakhale pa mbama paja. Analira apo.

Tiya wa ku Koleji:
Pepani akuluakulu ndilowereko. Ine sindinamvetse za kanduloyo. Chithunzi chimene anachiikira kandulo chinali cha ndani? Ndipo n'chifukwa chiyani mphunzitsi anakwiya ndi chimangirizo chake pamene mwanayo anali atayamba kulimbikira?

Aphunzitsi Opuma:
Mwana wanga Tiya, chithunzicho ndi cha Honoré de Balzac, mlembi wamkulu wa ku France amene anamwalira mu 1850. Mayi ake a Antoine anamulonjeza mafranki 1,000 akakhala m'gulu la asanu oyambirira pa chimangirizo, ndipo tonse tikudziwa kuti kukoma mtima kumeneko kunali kogula pakamwa pa mwana. Iye nkuwerenga buku la Balzac, La Recherche de l'absolu, nkulikonda mpaka kumuikira kaguwa. M'kalasi atauzidwa kulemba za chinthu chimene anachiona, analemba za imfa ya agogo ake aamuna, koma mawu omalizira anali a Balzac, amene anamukhazikika m'mutu.

Apa ndiye mphunzitsi mnzangayo ndikumutsutsa kotheratu. Inde, ndi kukopera. Koma mwana sanatsegule buku pansi pa desiki, analoweza. Mwana wojomba, amene aliyense akuti ndi mbuli, wawerenga Balzac payekha mpaka kusunga ndime yonse pamtima! Ndinaphunzitsapo mnyamata wina wotere, wogona m'kalasi, amene tsiku lina analemba chimangirizo chodzaza ndi mawu a m'buku lina la m'laibulale. Ndinamuitana patokha, ndinamuuza kuti mawuwa ali ndi mwini wake, nkumupatsa buku lachiwiri kuti akawerenge abwere andifotokozere m'mawu akeake. Ndi ntchito ya mphindi zochepa. Petite Feuille anasankha kuwerenga chimangirizocho mokweza monyoza, kumupatsa ziro, nkumutumiza kwa ahedi. René atayesa kuikira mnzake kumbuyo, nayenso anathamangitsidwa. Khomo lokhalo limene mwanayo anagogoda yekha linatsekedwa tsiku limenelo, ndipo taipilaita inabedwa pambuyo pake.

Komabe mfundo yanga ija sindinaisiye. Kulakwa kwa mphunzitsi sikufufuta kuba.

Kondwani wa Kamera:
Tikambeko za Léaud, chifukwa popanda iye filimuyi sibwenzi tikuikamba lero. Anabadwa mu 1944, anali ndi zaka 14 pojambula. Truffaut analengeza m'nyuzipepala ya France-Soir kuti akufuna mnyamata, anabwera ambiri, koma uyu anaonekera chifukwa cha kulimba mtima kwake. Mayi ake, Jacqueline Pierreux, analinso wosewera m'makanema. Truffaut ali mwana anali wamanyazi, wobisa zinthu, pamene Léaud anali wamakani, ndipo Antoine amene tikumuonayu ndi kusakaniza kwa awiriwo.

Gawo la katswiri wa zamaganizo limene Mayi a Tadala atchula, taonani mmene linajambulidwira. Mayi wofunsayo sitimuona nkomwe, timangomva mawu. Kamera ili pa mnyamata yekha, manja ake akuseweretsa patebulo. Mafunso ankafunsa ndi Truffaut mwini, Léaud nkumayankha m'mawu akeake, ndipo mawu a mkazi anadzawaika pambuyo. Akafunsidwa ngati anagonapo ndi mtsikana, kumwetulira kwamanyazi kuja simungakuphunzitse munthu. Ndipo pamene akufunsidwa chifukwa chake amanama, yankho lake ndi lakuti nthawi zina akanena zoona samukhulupirira, ndiye amaona bwino kungonama.

Wojambula anali Henri Decaë. Anatulutsa kamera mu situdiyo nkupita nayo m'misewu yeniyeni ya kufupi ndi Pigalle ndi Place de Clichy, m'nyengo yozizira, pa chithunzi chotambalala chija. Onani pamene mphunzitsi wa masewero akuthamanga ndi ana mumsewu, kamera ili pamwamba pa nyumba, ana akuthawa awiriawiri mpaka atsala ochepa kumbuyo kwake. Pamenepo Truffaut ankalemekeza Jean Vigo, amene anapanga Zéro de conduite mu 1933. Mayi uja wothamangitsa galu usiku ndi Jeanne Moreau, ndipo bambo amene akumuchotsa Antoine kuti athandize yekha ndi Jean-Claude Brialy.

Mayi a Tadala:
Ine ndibwerere kwa mayi ake, chifukwa ndikuona tonse tikuwadutsa. N'zosavuta kudana ndi Gilberte Doinel. Claire Maurier wamusewera mouma, mawu ake kwa mwana ndi olamula okhaokha: katenge ichi, kagule ufa, kataye zinyalala. Koma anatenga mimba ali mtsikana, m'dziko limene kuchotsa mimba kunali mlandu mpaka 1975, ndipo kubereka usanakwatiwe chinali chitonzo. Anakwatiwa kuti mwana apeze dzina. Amagwira ntchito, amabwerera m'kanyumba kopanikiza, amadziyang'ana pagalasi nkuona unyamata ukupita. Akamuona Antoine amaona chimene chinamutsekera njira.

Sindikumukhululukira. Mawu amene akukamuuza mwana kumalo osungirako ana kuja, kuti bambo ako asamba m'manja za iwe, ndi mawu oti mayi sayenera kulankhula. Pa tsiku lomwelo René wayenda ulendo wonse kudzaona mnzake nkubwezedwa pakhomo, Antoine akumuona pagalasi. Amene amamukonda akanizidwa, amene walowa ndi wodzamudula. Koma mwamuna amene anapereka mimbayo ali kuti? Filimu yonse palibe amene akumufunsa.

Tiya wa ku Koleji:
Mayi, mfundo yomalizayo yandigwira. Ndipo Claire Maurier yemweyo ndi amene ali mwini wa kefi m'filimu ya Amélie ya 2001, ndinachita kudabwa nditazindikira nkhope.

Wa ku Marseille:
Za malo amene anamutumizawo. Ku France kunali lamulo la pa 2 February 1945 lokhudza ana olakwira malamulo, limene linakhazikitsa woweruza wa ana ndi mfundo yakuti mwana aphunzitsidwe koposa kulangidwa. Malo ngati amene Antoine akupita anali oti akatswiri amuone kaye khalidwe asanagamule kopita naye. Papepala zinali zabwino. Truffaut akutionetsa mmene zinkakhalira: mwana wanyema buledi nthawi yodya isanakwane, woyang'anira akumufunsa kuti asankhe dzanja lamanja kapena lamanzere, akuvula wotchi yake bwinobwino nkuiika patebulo, kenako mbama. Kuvula wotchiko ndi kumene kumandiopsa, chifukwa munthuyo sanapse mtima nkomwe, ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku.

Ndipo taonani chaka. Mu 1959 nkhondo ya ku Algeria inali pakati, de Gaulle anali atangobwerera pa ulamuliro mu 1958, André Malraux nkukhala nduna ya zachikhalidwe. Nkhondoyo siioneka m'filimumu. Koma achinyamata amene ankaionera anali a m'badwo umene unkatumizidwa kunkhondoko ndi akuluakulu, ndipo ine ndimakhulupirira kuti filimu yonena za mwana amene akulu sakumumva inawafika pamtima pa chifukwa chimenechonso. Chaka chomwecho kunatuluka Hiroshima mon amour ya Alain Resnais, chotsatira À bout de souffle ya Jean-Luc Godard, ndipo dzina lakuti Nouvelle Vague, la kapangidwe katsopano ka makanema a ku France ngati amenewa, linamveka dziko lonse.

Tiya wa ku Koleji:
Nanga mathero aja? Ine ndinaganiza kuti intaneti yaduka. Wapulumuka kapena amugwira?

Kondwani wa Kamera:
Sinaduke, achemwali, ndi mmene anafunira. Akusewera mpira, Antoine waponya mpira nkudutsa pansi pa waya. Kamera ikuthamanga naye m'mbali mwa msewu nthawi yaitali osadula, palibe nyimbo, ndi mapazi okha. Kumbukirani kuti anauza René kuti sanaonepo nyanja, ndipo mayi ake anapempha woweruza kuti amutumize kufupi ndi nyanja. Gombe limenelo lili ku Normandy, ku Villers-sur-Mer. Wafika, waponda madzi, watembenuka, chithunzi chaima iye akutiyang'ana. Ine ndimati amugwira ndithu. Koyambirira kwa gawo limenelo tinaona kale mnyamata wina amene anathawa akubwezedwa ndi apolisi. Kutsogolo kuli madzi, kumbuyo kuli iwo.

Nachisale:
Ine sindiwerengera zoti amugwira kapena ayi. Chimene ndikuona n'chakuti m'filimu yonse palibe wamkulu amene anamuyang'ana mwanayu m'maso nkumufunsa modekha kuti chavuta n'chiyani, kupatula mayi wosaoneka uja amene akulemba lipoti. Pomaliza Truffaut akumuimika kutsogolo kwathu kuti ife timuyang'ane. Aphunzitsi, inu mwati kulakwa kwa mphunzitsi sikufufuta kuba, ndipo ndikuvomera. Koma mwana amene akubweza chimene anaba ndi mwana woti akadabwezeka.

Aphunzitsi Opuma:
Pa kubwezako tagwirizana, mayi. Bambo aja akanamutengera kunyumba usiku umenewo, nkumukhazika pansi, m'mawa nkupita naye kwa abwana awo kukapepesa. Pamene sitinagwirizane ndi poti inu mukuchotsa mwanayo pa mlandu. Ine ndikuti mnyamata wa msinkhu umenewo amadziwa kuti bodza la maliro ndi loipa, ndipo kumulemekeza ndiko kumuuza kuti walakwa, osati kumuyesa tsamba longouluzika ndi mphepo. Truffaut mwini Bazin sanangomusisita, anamupatsa ntchito yolemba.

Achimwene Kondwani, kodi Antoine ameneyu anadzakhala munthu wotani? Ndamva kuti nkhani yake inapitirira.

Kondwani wa Kamera:
Inapitirira, aphunzitsi, ndipo ndi Léaud yemweyo kwa zaka 20. Mu Antoine et Colette ya 1962 ali ndi zaka 17, akukhala yekha, akugwira ntchito ku kampani ya Philips yopanga malekodi a nyimbo. Mu Baisers volés ya 1968 wachotsedwa usilikali, akuyesa ulonda wa usiku pahotela, ukazitape wolembedwa ganyu, ndi kukonza ma TV. Mu Domicile conjugal ya 1970 wakwatira Christine, amene akuseweredwa ndi Claude Jade, ndipo mu L'Amour en fuite ya 1979 banjalo likutha. M'filimu yomalizayi akukumana ndi bambo wina amene anali chibwenzi cha mayi ake, ndipo bamboyo ndi amene akumutengera kumanda a mayiwo. Truffaut anamwalira mu 1984 ali ndi zaka 52, ndipo Léaud anapatsidwa mphoto yaulemu ya Palme d'or ku Cannes mu 2016.

Aphunzitsi Opuma:
Ndiye tiyambe ndi ya 1962 ija, poti ndi yaifupi. Ndikufuna ndione ngati ku Philips kuja amafika pa nthawi yake, komanso ngati René akadali naye.

Kondwani wa Kamera:
René alimo, aphunzitsi, ndipo ndi Patrick Auffay yemwe uja.